Bokosi la mafoni a muofesi lili ndi Asterisk yaulere, nanga wogulitsa watitsekeranji?

Funso

Ndine mayi woyang'anira ofesi ya kampani yonyamula katundu ku Limbe. Zaka 4 zapitazo tidagula bokosi loyendetsa mafoni onse a muofesi, lokhala ndi ma extension 30, ndiye kuti nambala za mafoni a pa desiki. Pano tatsegula depoti ku Lilongwe ndipo tikufuna kuwonjezera 12. Amene adatigulitsa akuti tilipire layisensi ya foni iliyonse m'madola, komanso tilipire ya chaka ndi chaka imene idatha kalekale. Mnyamata wathu wa IT wafufuza n'kupeza kuti m'bokosimo muli mapulogalamu a Linux ndi Asterisk, zimene akuti aliyense amatenga ulere pa intaneti. Atapempha pasiwedi ya root, yotsegula makina onse mpaka pansi, adamukaniza. Ngakhale ya admin ili kwa iwo, moti tikafuna kusintha dzina la munthu pa foni timawaitana n'kulipira. Kodi akutibera? Lamulo lingawakakamize kutsegula? Mnyamatayu akuti angathe kuthyola. Ndimulole?

Yankho

Mayi, ndiyambire kumapeto kwa kalata yanu poti ndi kumene kuli ngozi yapafupi. Mnyamatayo musamulole kuthyola bokosi limene ofesi yonse ikudalira. Luso lake sindikulikayika, ndipo mabokosi ena otere amatsegukadi munthu akachotsa disiki n'kuilumikiza ku kompyuta ina. Vuto lili pa zotsatira zake. Akasintha fayilo pamanja, pulogalamu ya wogulitsa imailembanso n'kufufuta zonse munthu akangodina batani losunga, ndipo nthawi zina makinawo amakana kudzuka akazimitsidwa. Tsiku limenelo madalaivala anu ali pa chipata cha Mwanza akuimba foni yosalowa, wogulitsa adzati mwaononga nokha, ndipo pepala la mgwirizano lidzamuikira kumbuyo. Onaninso ngati bokosilo mudaguladi kapena mukubwereka. Ngati ndi lobwereka, kulowamo mokakamiza kungakupalamulitseni, chifukwa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'makina a eni popanda chilolezo.

Koma pa za Asterisk mnyamatayo wanena zoona. Pulogalamu yoyendetsa mafoniyi adayamba kuilemba Mark Spencer mu 1999 ku Alabama, m'dziko la America. Anali ndi kakampani kothandiza anthu pa za Linux, ankafuna makina a mafoni a muofesi, mitengo idamukulira, ndiye adalemba ake. Kakampaniko kadadzakhala Digium, ndipo Asterisk idatulutsidwa pa layisensi ya mapulogalamu otseguka yotchedwa GPL yachiwiri, yomwenso ili pa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse. Mabokosi ambiri amene mumawaona m'maofesi lero, monga a Grandstream a mtundu wa UCM ndi ambiri a Yeastar, mkati mwake mumayenda Asterisk yomweyo. Eni ake a Asterisk nawonso adayenda njira imeneyi: mu 2007 Digium idagula Switchvox, makina omangidwa pa Asterisk koma otsekedwa ndi olipiritsa layisensi, n'kumawagulitsa pambali pa Asterisk yaulere ija. Mu 2018 kampani ya ku Canada ya Sangoma idagula Digium yonse. Choncho kutseka bokosi lomangidwa pa pulogalamu yaulere ndi malonda akale ndithu, odziwika dziko lonse.

Layisensi ya GPL siletsa kugulitsa. Munthu angatenge Asterisk, kuiika m'bokosi, n'kukugulitsani pa mtengo uliwonse umene mwagwirizana. Chimene imalamula n'chakuti amene wakupatsani pulogalamuyo akupatseninso source code yake, ndiye kuti zolemba zimene pulogalamu imapangidwira, pamodzi ndi chilichonse chimene iye wasinthamo. Gawo lachitatu la layisensiyi limatchula njira zake: apereke source code limodzi ndi katunduyo, kapena apereke kalata yolonjeza kuti woipempha adzapatsidwa, ndipo lonjezolo likhale la zaka zosachepera 3. Inu mudagula zaka 4 zapitazo, ndiye lonjezo la tsiku logulalo mwina lidatha. Koma ngati adakuikirani firmware yatsopano, ndiye kuti pulogalamu ya mkati mwa bokosilo, pambuyo pake, kumeneko n'kugawanso pulogalamu, ndipo udindo wawo umayambiranso.

Pamene anthu ambiri amakhumudwira ndi apa. Source code ili ngati mapulani a nyumba: amakupatsani ufulu wokamanga ina yofanana nayo pamalo panu, koma sakutsegulirani chitseko cha nyumba imene yamangidwa kale. Pasiwedi ya root satchulidwa paliponse mu GPL yachiwiri. Nkhaniyi idavuta kwambiri pa makina ojambulira mapulogalamu a pa TV otchedwa TiVo. Kampaniyo inkapereka source code ya Linux monga mwa lamulo, koma makinawo ankakana kuyendetsa pulogalamu imene wina wasintha. Richard Stallman ndi bungwe la Free Software Foundation adaona kuti kumeneku n'kulanda ufulu, ndipo mu 2007 adatulutsa GPL yachitatu yokhala ndi gawo lokakamiza wopanga makina kupereka njira yoikira pulogalamu yosinthidwa. Linus Torvalds, amene adayambitsa Linux, adakana kusamutsira Linux ku layisensi yatsopanoyo, ndipo Asterisk nayo idatsala pa yachiwiri. Ngakhale gawo la mu GPL yachitatulo limakhudza katundu wogwiritsidwa ntchito pakhomo ndi anthu wamba. Makina opangidwira bizinesi zokhazokha sakhudzidwa nalo mosavuta.

Ndiye nambala 30 ija imakhala kuti? Mu Asterisk mulibe malire a ma extension. Malire ake ndi mphamvu ya kompyuta basi. Chowerengera layisensi chili mu pulogalamu ina imene wopanga bokosi adalemba yekha, yomwe imakuonetsani masamba ndi mabatani pa browser, kenako n'kumauza Asterisk chochita. Pulogalamu imeneyo ndi yake, ndipo sakakamizidwa kuiulula. Fayilo ya layisensi imene imabwera ndi Asterisk imanena yokha kuti eni ake amaona kuti mapulogalamu olamulira Asterisk kudzera pa njira zake zolandirira malamulo, zotchedwa AMI ndi AGI, sakakamizidwa kukhala a GPL. Palinso china: aliyense wopereka zolemba zake ku Asterisk amasaina chikalata chololeza eni ake kuzigwiritsa ntchito pa layisensi ina, choncho Sangoma ingathe kugulitsa Asterisk kwa wopanga makina pa mgwirizano wamalonda umene sumukakamiza kuulula zimene wasintha. Ngati wopanga bokosi lanu adagula layisensi yotere, pa Asterisk alibe nanu ngongole, ngakhale pa Linux ndi timapulogalamu tina ta GPL amakhalabe nayo.

Kukakamiza kwachitikapo, koma onani amene amakakamiza. Mu 2004 Harald Welte, mmodzi mwa olemba gawo la chitetezo la Linux, adapambana kukhoti la ku Munich pa mlandu wake ndi kampani ya Sitecom. Mu 2007 olemba pulogalamu ya GPL yotchedwa BusyBox adasumira Monsoon Multimedia ku America, ndipo mu 2008 Free Software Foundation idasumira Cisco pa katundu wa Linksys. Onsewa anali eni ake a zolembazo. Mu 2021 bungwe la Software Freedom Conservancy lidasumira Vizio ku California ngati wogula TV, pofuna kuonetsa kuti wogula naye angafune source code kukhoti, ndipo mlanduwo udatchuka chifukwa njira imeneyo sinali yozoloweka. Zipatso za kukakamizaku zimakhala zabwino kwa anthu onse: source code ya rauta ya Linksys WRT54G itatulutsidwa mu 2003, padabadwa pulogalamu yotseguka ya OpenWrt imene ikuyendetsa marauta ambirimbiri lero. Koma kwa inu, Mayi, mutalemba loya n'kupambana, chimene mungalandire ndi fayilo ya zolemba zimene mnyamata wanu angazipeze kale pa intaneti madzulo ano. Ma extension 12 aja sadzatuluka mmenemo. Pemphani source code ngati mufuna, ndi ufulu wanu, koma ndalama za loya musaziponye kumeneko.

Tsopano ndifike pa chimene chandikhudza m'kalata yanu. Mwatchula mapasiwedi awiri ngati kuti ndi nkhani imodzi, koma ndi osiyana kwambiri. Root ndi ya pansi penipeni pa makina, ya munthu wofuna kusintha Linux ndi mafayilo ake. Admin ndi ya mwini makina: kuwonjezera munthu, kusintha dzina, kuona amene adaimba kuti, kusunga backup, kutseka mafoni opita kunja. Opanga mabokosiwa amawapanga kuti admin ikhale m'manja mwa wogula. Amene amaibisa ndi wogulitsa wapakati, kuti muzimuitana pa kanthu kalikonse. Izi sizikukhudzana ndi GPL, Asterisk kapena Linux, ndipo ine ndimaziona kuti n'zolakwika. Munthu amene mudamulipira bokosi ndi ntchito yoliika alibe chifukwa chomveka chokumanani chiwongolero chake.

Taganizirani zimene zili kuseri kwa pasiwedi imeneyo. Muli kaundula wa foni iliyonse imene idalowa kapena kutuluka m'zaka 4: nambala ya kasitomala, nthawi, kutalika kwake. Ngati kujambula mawu kudatsegulidwa, muli zokambirana za mitengo ndi makasitomala anu, ngakhale za abwana ndi banki. Munthu wa admin angathe kumvera zonsezo, angathe kulondoleza foni ya abwana ku nambala ina, inu osadziwa. Dziko la Malawi lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, ndipo udindo wosamala zinsinsi za makasitomala ndi antchito uli pa kampani yanu imene imazitolera. Simungasamale chinthu chimene simungathe ngakhale kuchiona. Komanso kampani ya wogulitsayo itatsekedwa, kapena tekinishani amene amaloweza pasiwediyo atasiya ntchito, njira yotsala ndi kudina batani lobwezera bokosi monga lidachokera kufakitale, ndipo batani limenelo limafufuta ma extension onse 30, malonje ojambulidwa, ndi dongosolo lonse la mmene foni imayendera ikalowa.

Pa za root sindiwadzudzula kwambiri. Kampani imene yagulitsa mabokosi masauzande singathe kuthandiza makasitomala ngati aliyense wasintha mkati mwake mmene wafunira. Ndipo makina a mafoni amasakidwa ndi akuba usiku ndi usana. Pa intaneti pamayenda mapulogalamu ogogoda pa khomo la 5060, limene SIP, njira yolumikizira mafoni pa intaneti, imagwiritsa ntchito, kuyesa extension 100 ndi pasiwedi 100, kenako 101, mpaka atapeza yofooka. Akalowa, kawirikawiri Lachisanu usiku ofesi itatsekedwa, amaimba nambala zodula za kunja zimene iwo amalandirapo gawo, ndipo bilu yake mumaiona Lolemba. Bokosi lotsekedwa bwino limachepetsa zolakwitsa za munthu wosadziwa.

Koma kutsekako kuli ndi mtengo wake: chitetezo chanu chonse chimadalira kuti wopanga bokosi akonze zibowo, ndiponso kuti zokonzazo zikufikeni. Mu 2020 padapezeka chibowo m'mabokosi a Grandstream UCM6200, cholembedwa CVE-2020-5722, chimene chinkalola munthu wopanda pasiwedi kulanda bokosi kudzera pa tsamba lake loyendetsera. Kampaniyo idatulutsa firmware yokonza, koma firmware imathandiza bokosi limene yaikidwamo lokha. Mwandiuza kuti layisensi yanu ya chaka ndi chaka idatha kalekale. Pa makina ambiri olipiritsa motere, ikatha mafoni amayendabe koma zokonza zimasiya kubwera. Zikatero mumakhala pamalo oipitsitsa: iwo sakukonza, inu simungakonze. Mnyamata wanu afufuze kuti Asterisk ya m'bokosimo ndi ya nambala yanji. Asterisk 13 idasiya kulandira zokonza mu October 2021, ndipo 16 idasiya mu October 2023. Opanga ena amapitiriza kumata zibowo okha pa Asterisk yakale, koma zimenezo anene ndi iwo, polemba. Ngati pansi pake pali mtundu wa Linux wotchedwa CentOS 7, imeneyo idafika kumapeto pa 30 June 2024.

Musatenge izi ngati kuti makina otseguka alibe ngozi. Mu August 2025 akuba adalowa m'makina ambiri a FreePBX, pulogalamu yotseguka yoyendetsera Asterisk, kudzera pa chibowo cha mu gawo lolipira lotchedwa Endpoint Manager, ndipo amene adagwidwa ndi amene tsamba lawo la admin linkaoneka pa intaneti. Bokosi likhale lotseka kapena lotseguka, tsamba loyendetsera lisaoneke kunja kwa ofesi. Funsani wogulitsa wanu kuti iye amalowa bwanji akamakuthandizani ali kutali. Ngati yankho lake n'lakuti adatsegula khomo pa rauta yanu, likonzedwe sabata ino, musadikire nkhani ya layisensi.

Phindu lenileni la pulogalamu yotseguka limaoneka tsiku limene mwini malonda wasintha maganizo. Padali trixbox, pulogalamu ya mafoni yomangidwa pa Asterisk, imene idayamba ndi dzina lakuti Asterisk@Home, n'kugulidwa ndi Fonality mu 2006. Patapita zaka kampaniyo idasiya kusamala yaulereyo n'kutsala ndi yolipira. Padalinso Elastix, yopangidwa ndi PaloSanto Solutions ku Ecuador, imene idafala kwambiri ku Latin America ndi kwina. Kumapeto kwa 2016 kampani ya 3CX idatenga Elastix, ndipo Elastix yotsatira idatuluka ndi pulogalamu yotsekedwa ya 3CX mkati mwake m'malo mwa Asterisk. Anthu amene ankaidalira adatenga source code yakale, poti inali yotseguka, n'kupitiriza ntchitoyo pa dzina la Issabel. Adatha kutero chifukwa mafayilo awo, makina awo ndi zolembazo zinali m'manja mwawo. Ndiye ine ndikamayeza makina a mafoni ndimafunsa chinthu chimodzi: tsiku lofuna kuchoka, mudzanyamula chiyani, ndipo chidzatsala n'chiyani?

Yankho lake liyambire pa nambala za kampani, chifukwa ndizo zili pa magalimoto anu ndi pa malisiti. Mzere wanu wa SIP kapena wa lamya, akaunti yake ili m'dzina la kampani yanu kapena la wogulitsa? Dzina lolowera ndi pasiwedi yake muli nazo? Ndaonapo maofesi amene adazindikira mochedwa kuti nambala imene makasitomala adailoweza idalembetsedwa m'dzina la amene adawaikira makina, ndipo zikatero kuchoka kumakhala kupempha.

Kenako mafoni a pa desiki, ndipo pano ndichedwepo chifukwa ndalama zambiri zili pamenepa: mafoni 30 nthawi zambiri amadula kuposa bokosi lenilenilo. SIP ndi muyezo wotseguka, udalembedwa mu 2002 mu chikalata cha RFC 3261, ndipo foni ya SIP imayenera kugwira ntchito ndi makina alionse. Koma pali misampha iwiri. Woyamba ndi wakuti opanga mafoni ali ndi maseva olondolera foni kwa mwini wake. A Yealink amaitcha RPS, ndipo makampani ena ali ndi yawo. Wogulitsa amalembetsa nambala ya MAC, yozindikirira foni iliyonse, kumeneko, kuti foni ikangolumikizidwa pa intaneti ipeze yokha makina ake. N'zothandiza poika, koma mukadzaibwezera kufakitale kuti muilumikize ku makina atsopano, imakafunsanso ku seva ija n'kubwerera kwa wogulitsa wakale, mpaka iye ataichotsa pa kaundula wake. Msampha wachiwiri ndi firmware. Mafoni ena a Cisco amabwera ndi firmware yopangidwira makina a Cisco, ndipo kuwasinthira ku ina yoyenda bwino ndi makina a eni ena kumafuna layisensi yakeyake. Kuyesa kwake n'kosavuta ndipo sikuopseza ofesi: mnyamata wanu atenge foni imodzi yosagwiritsidwa ntchito, aibwezere kufakitale, aone ngati ikulola kulowa mu admin yake ndi kulembamo seva ina. Imeneyi ndi ntchito imene ndingamulole lero lomwe.

Zotsalazo n'zachidule. Backup ya bokosi lotsekedwa imatseguka pa bokosi la mtundu womwewo lokha, choncho funani mndandanda wa ma extension ndi kaundula wa mafoni mu CSV, ndi mawu ojambulidwa mu WAV, mitundu ya mafayilo imene imatseguka pa kompyuta iliyonse. Funsaninso kuti layisensi idamangidwa pa chiyani. Zambiri zimamangidwa pa nambala ya bokosilo, ndipo magetsi akabwera mwamphamvu n'kuliotcha, muyenera kudziwiratu ngati layisensi 30 zija zidzasamukira ku latsopano kapena mudzagulanso.

Za madola mukuzidziwa kuposa ine. Kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene dola imodzi idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa mtengo wa kubanki. Layisensi ya madola 100 idachoka pa K118,000 kufika pa K170,000 tsiku limodzi, popanda chowonjezera chilichonse pa ntchito ya makinawo. Chifukwa chake kwa kampani yolandira makwacha, mgwirizano wolipira madola chaka ndi chaka pa foni iliyonse ndimauona ngati ngongole imene chiwongoladzanja chake simuchidziwa. Pamsika palinso mabokosi otsekedwa amene salipiritsa pa foni iliyonse. Malire awo ndi kukula kwa bokosi limene mwagula. Muwerengere ndi amenewo poyerekeza mitengo, ndipo muwerenge zaka 5 osati chaka chimodzi.

Nanga kudziikira nokha? N'zotheka. FreePBX 17 imayenda pa Linux ya Debian 12, ndipo kompyuta yaing'ono wamba imanyamula ma extension 42 popanda kuvutika. Ma extension ake salipiritsa, ngakhale ili ndi zigawo zina zogula, zimene nazonso n'zotsekedwa. Koma mtengo wake waukulu ndi munthu. Pafunika wina woika zokonza mwezi ndi mwezi, woyang'ana ngati backup ikuchitikadi, wotseka mafoni opita kumayiko amene simuimbako, wodzuka Loweruka makina akaima. Asterisk imasinthanso: mu Asterisk 21, ya mu 2023, adachotsamo njira yakale yolumikizira mafoni a SIP, chan_sip, n'kusiya PJSIP yokha, moti malangizo ambiri akale a pa intaneti sagwiranso. Mnyamata wanu akadzapeza ntchito ku Johannesburg atakusiyirani makina amene iye yekha amawamvetsa, mudzakhala mwangosintha wokugwirani. Makina otseguka amapatsa ufulu kampani imene yalemba zonse papepala ndipo ili ndi munthu wachiwiri woti n'kumuitana.

Nditakhala pa mpando wanu, depoti ya ku Lilongwe ndingaitenge ngati poyesera. Musagule layisensi 12 zija. Ikani kumeneko kabokosi kakeake kotseguka, pa batire yake ya UPS pamodzi ndi rauta ndi switch, ma extension ake ayambe ndi 2 ngati a ku Limbe amayamba ndi 1. Mabokosi awiriwo alumikizane pa SIP trunk, ndiye kuti mzere wa pakati pawo, yodutsa mu njira yobisika ya VPN, monga WireGuard, kuti pasakhale khomo loonekera pa intaneti. Woimba ku Limbe akadina 205 foni ilira ku Lilongwe. Intaneti yake siyofunika yambiri: foni imodzi pa njira yotumizira mawu ya G.711 imadya pafupifupi 87 kbps mbali iliyonse, pa G.729 pafupifupi 31 kbps, ndipo ma patent a G.729 adatha mu 2017. Anthu 6 olankhula nthawi imodzi pa G.711 angodutsa pang'ono theka la megabit. Chimene chimaononga mawu ndi intaneti yodukaduka ndi anthu otsitsa mavidiyo pa mzere womwewo, ndiye rauta iuzidwe kutsogoza mawu. Ubwino wina wa bokosi lachiwiri ndi wakuti intaneti ikaduka pakati pa mizinda iwiriyi, a ku depoti amaimbiranabe okhaokha. Fufuzani kaye ngati bokosi la ku Limbe limalipiritsanso pa trunk kapena pa chiwerengero cha mafoni a nthawi imodzi, chifukwa ena amawerengera pamenepo. Ngati mudzafuna kuika kachipangizo ka ma SIM kadi kuti mafoni opita ku Airtel ndi TNM atsike mtengo, kambiranani ndi makampaniwo ndipo mudziwe malamulo a MACRA, poti kudutsitsa mafoni ochokera kunja pa ma SIM a m'dziko muno n'koletsedwa.

Mukayendetsa depotiyo miyezi 6, mudzadziwa ngati mnyamatayo ndi kampani yanu mungasenze ntchitoyi, ndipo mudzaphunzira pa mafoni 12, ofesi yaikulu isanakhudzidwe. Zikakanika, mafoni a SIP amene mwagula adzagwirabe ntchito pa makina ena alionse.

Koma trunk imeneyo siyingapangidwe popanda admin ya bokosi la ku Limbe, ndiye kalata yoyamba ipite kwa wogulitsa. Ilembedwe ndi mkulu wa kampani, mwaulemu, ndipo mawu oti root asapezekemo, chifukwa akangowaona adzayankha pa za root zokhazo n'kukhala ngati akulondola. Pemphani pasiwedi ya admin ya bokosi ndi ya mafoni, zolowera za mzere wanu wa SIP, backup yathunthu, mndandanda wa layisensi zimene mudalipira ndi chimene zidamangidwapo, nambala ya firmware ndi tsiku limene idaikidwa komaliza, komanso kuti achotse mafoni anu pa seva yolondolera ija mukadzapempha. Auzeni kuti ndinu okonzeka kuwapangira akaunti yawoyawo yothandizira, imene muziitsegula akafuna kugwira ntchito n'kuitseka akamaliza. Wogulitsa wachilungamo savutika ndi zimenezi, ndipo ambiri amapereka akaona kuti kasitomala akudziwa chimene akufuna. Mungathenso kulipira chaka chimodzi cha layisensi yothandizira kuti bokosilo lilandire firmware yatsopano pamene mukuyesa ku Lilongwe. Ndalama imeneyo ndiyo yokha pa zimene akukupemphani imene ndikuona kuti ili ndi chifukwa.

Akakana, afotokoze polemba kuti akukana potengera gawo liti la mgwirizano. Ngati invoice ikuonetsa kuti bokosilo mudagula ndipo mgwirizano sunena kuti admin idzatsala kwa iwo, lemberani kampani imene idapanga bokosilo, chifukwa opanga safuna kuti owagulitsira azichita zotere m'dzina lawo, ndipo dandaulo lina lingapite ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Pamene mukudikira mayankho, mnyamata wanu ayende desiki ndi desiki alembe extension iliyonse, mwini wake, mtundu wa foni ndi nambala yake ya MAC, ajambulenso malonje amene makasitomala amamva akaimba, ndi mmene foni imayendera masana, usiku ndi pa tchuthi. Ntchitoyi ndi ya masiku ochepa, sifuna pasiwedi ya munthu aliyense, ndipo ndiyo imene idzakuthandizeni kusamutsa ofesi ya ku Limbe pa Loweruka limodzi ngati zokambirana zalephereka.